Zolosera za nyengo zizitifika tisanagule mbewu

Mkonzi,

Sindikugwirizana ndi anthu amene akunyoza zolosera za nyengo zochokera m'makompyuta kuti ndi bodza la m'tauni.

Mu 2023 akatswiri anachenjezeratu za El Niño, kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific kumene kawirikawiri kumachepetsa mvula kum'mwera kwa Africa. Ine ndinamva pa wailesi, koma mbewu ya chimanga chochedwa kucha ndinali nditagula kale, ndiye ndinadzala yomweyo. Mu February 2024 masamba anapinda ngati a anyezi, chimanga chisanamasule n'komwe. Mwezi wotsatirawo boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya chilala. Kompyuta sinaname.

Pamene pali vuto ndi apa: makompyuta olosera nyengo ya dziko lonse lapansi amaligawa m'timabokosi, ndipo m'makompyuta ena kamodzi kamatalika pafupifupi makilomita 100 mbali iliyonse. M'kabokosi kotere phiri la Mulanje ndi chigwa cha Phalombe zimasanduka malo amodzi, chonsecho tonse tikudziwa kuti kuphiri ikhoza kugwa mvula ya mkokomo kwathu kuli gwa! Kuti akatswiri awongolere zimenezi amafunika miyezo yeniyeni ya mvula ya dera lililonse.

Choncho pasukulu ya pulayimale iliyonse paikidwe choyezera mvula, ana aziwerenga m'mawa uliwonse, aphunzitsi n'kumatumiza pafoni ku nthambi yoona za nyengo. Nawo alangizi azitifikitsira zolosera m'Chichewa mu September, atiuze mbewu yoyenera ndalama zikadali m'thumba.

Mlimi wa ku Phalombe