Banja likatha, kasinthitseni dzina la wolandira ndalama za Social Cash Transfer

A Mkonzi,

Ndiloleni ndikambepo za vuto lomwe limaoneka kawirikawiri kuno ku Chipata, Chadiza ndi Katete. Banja lolandira ndalama za Social Cash Transfer, zofanana ndi zomwe anzathu a ku Malawi amati Mtukula Pakhomo, likatha, ndalama zimapitabe kwa yemwe wachoka, ana n'kutsala opanda ngakhale ya mchere.

Gwero lake ndi kalembera. Polemba khomo, a Social Welfare amalemba mutu wa banja, onse okhala pakhomopo, wolandira ndalama ndi womuimirira akadwala. Zonsezi zimalowa m'kompyuta pamodzi ndi nambala ya reji (chitupa cha unzika, NRC) ndi ya foni. Tsono kompyuta sidziwa kuti ankhoswe alephera. Kwa Achewa achikamwini, mwamuna ndiye amanyamula chikwama kubwerera kwawo. Kwa Angoni a Mpezeni, nthawi zambiri wochoka ndi mkazi. Ngati wochokayo ndiye wolandira, SIM ili m'thumba mwake, ndipo K800 ya miyezi iwiri idzalira m'foni yake ali ku Petauke kapena ku Lusaka.

Ndalamazi n'za khomo, si za mwini foni. Choncho funso loyamba ndi lakuti: khomoli linalembedwa chifukwa cha yani? Ngati n'chifukwa cha agogo okalamba, munthu wolumala kapena wodwala matenda a mgonagona, thandizo liyenera kutsata komwe munthuyo akukhala. Sililondola yemwe anamanga nyumba kapena yemwe mawu ake akumveka kwambiri pabwalo.

Musadikire tsiku lolandira. Kauzeni a CWAC (Community Welfare Assistance Committee, komiti ya anthu a m'mudzi yothandizana ndi a Social Welfare) a m'dera lanu sabata yomweyo, chifukwa iwo ndi amene amachitira umboni za makomo ndi kukanena ku ofesi ya Social Welfare ya m'boma. Kenako pitani nokha ku ofesiko mutatenga reji yanu, makhadi a kusikelo a ana, kalata ya amfumu yonena kuti mwalekana ndiponso amene akusunga ana, komanso chikalata cha ku local court ngati ukwati unathera kumeneko. Mukapemphe kuti asinthe dzina la wolandira, la womuimirira, ndi mndandanda wa okhala pakhomo. Lembani pakapepala tsiku lomwe mwapita ndi zomwe mwauzidwa. Kusintha kumatenga nthawi, ndipo mukanena ndalama za ulendo uno zitakonzedwa kale, zidzapitabe ku nambala yakale.

Apa ndi pomwe ambiri amapunthwa: SIM. Amayi ambiri amagwiritsa ntchito SIM ya Airtel kapena MTN yolembetsedwa ndi reji ya amuna awo. Dzina lakompyuta likasiyana ndi la pa SIM, ndalama zimatha kubwerera. Choipa koposa, mwini reji akhoza kupita ku shopu, kunena kuti SIM yatayika, n'kupatsidwa ina ya nambala yomweyo. Lembetsani SIM yanuyanu ndi reji yanu, ndipo ngati ndinu wolandira kale, sinthani PIN lero, poti m'banja PIN sikhala chinsinsi. Amene asamukira boma lina, tinene kuchoka ku Chipata kupita ku Lundazi, atsanzike ku ofesi yakale kuti dzina lisamutsidwe. Kungosowa kumachititsa kuti mufufutidwe.

Palinso mayi yemwe sanali kulandira, koma tsopano watsala yekha ndi ana atatu kapena kuposa apo. Khomo lotere lili m'gulu la omwe angaganiziridwe, koma kulekana pakokha sikumulowetsa. Adziwitse a CWAC, adikire kalembera wina, dzina lake liwerengedwe pamsonkhano wa mudzi, ndipo aonedwe ngati alidi wosauka. Wina akamuitanitsa ndalama kuti "amulowetse msanga", ameneyo ndi mbala, kulembetsa n'kwaulere.

Abambo ena amati boma likuwadyetsera kale ana. Ayi ndithu. Lamulo la Children's Code Act la 2022 limapatsa makolo onse awiri udindo wosamalira mwana, ndipo chisamalirocho chimapemphedwa ku khothi, posatengera kuti khomo limalandira kapena ayi. Wolandidwa foni kapena reji mwankhanza akanene ku Victim Support Unit ya apolisi.

Pempho langa kwa a CWAC ndi lakuti pamsonkhano uliwonse azifunsa poyera ngati pali khomo lomwe lagawikana, chifukwa ambiri amachita manyazi kudzinenera okha.

Wowerenga wanu,
Chipata