Mlongo wanga tinamupweteka ndife, osati mnzakeyo

Akonzi,

Ndipatseniko kampata mu nyuzi yanuyi olo ndikudziwa kuti ena akangowerenga mizere iwiri ayamba kale kutukwana. Dzina langa sindilemba, la mlongo wanganso ayi, ndipo chifukwa chake muchiona nokha.

Chandilembetsa ndi mawu omwe mayi wina anayankhula ku mvano kwathu mwezi wathawu. Nkhani inali ya amuna okondana okhaokha, nde mayiwo anati "amenewa ndi ana oti anawonongeka ali aang'ono, pali china chake chinawachitikira basi." Onse anavomera ndi mitu. Ine ndinangoti zii, maso pansi, chifukwa mlongo wanga wobadwa naye bere limodzi amakhala ndi mwamuna mnzake ku Joni, ndipo nzoona kuti ubwana wake unali wowawa kwabasi. Koma mayi aja nkhaniyi anaigwira cha kumchira, ndipo ine kukhala chete tsiku lija kwandisowetsa tulo.

Ife kwathu ndi ku Thyolo. Bambo anamwalira 1996, mayi anatsatira 1998, matenda aja omwe nthawi imeneyo sitinkawatchula dzina, tinkangoti adwalika. Ma ARV aulere anadzabwera 2004, kwa ife kunali kutada kale. Achibale a kwa bambo anabwera ndi lole kudzatenga mipando, wailesi, mpaka mapoto, ife ana anatigawana ngati ziwiya zomwezo. Ine ndinali ndi zaka 15, ananditenga mayi aang'ono ku Ndirande. Iye anali ndi 7, anapita kwa amalume kumudzi.

Mwana woti waika mayi ake amakodza pogona, aliyense wolera ana akudziwa zimenezi. Amalume sankadziwa kapena sankafuna kudziwa. Ankamudzutsa mbandakucha, mwezi wa June chiperoni chili tho, nkumuimika panja atasenza mphasa yonyowayo kuti ana opita ku sukulu amuone. Nsima ankamumana akalakwa pang'ono. Koma chomwe chinkawapsetsa mtima kwambiri sichinali mkodzo ayi, chinali choti mwanayo ankakonda kukhala kumoto ndi azimayi, kusinja, kuphika ndiwo, mpira analibe nawo ntchito, ndipo amalume ankati "chimkazi ichi ndichiwongola ine." Ankamumenya ndi paipi. Tamvani bwino pamenepa akonzi, chifukwa mpamene pagona nkhani yanga yonse. Ndodo sinamupange kukhala mmene alili. Ndodoyo inabwera chifukwa amalume anali ataona kale mmene mwanayo analili.

Mnzakeyo anakumana naye sitandade 3. Nayenso kwawo kunali moto, bambo ake a kachasu, akabwera usiku amayamba ndi mayi nkumalizira ana, ndipo mnyamatayo anali ndi chibwibwi choti mawu amodzi amatha kulimbana nawo mpaka misozi. Mkalasi ankamuseka, aphunzitsi ena ankamuuza khala pansi ukutitayitsa nthawi. Mlongo wanga yekha ndi amene ankamudikira amalize yekha mawu ake osamuthandizira. Nayenso mnzakeyo ankabisa mkute mu thumba la mabuku kumubweretsera. Chaka cha njala chija, 2002, pomwe anthu ankadya madeya ndi zitsa za nthochi, ana awiriwa ankagawana chimanga chimodzi chootcha kuseri kwa sukulu. Ine zonsezi sindinkazidziwa. Ndikapita kumudzi pa holide ndinkaona zipsera kumsana kwake, ndinkafunsa, iye amati ndinagwa mu mtengo wa mapeyala, ine nkuvomera chifukwa kuvomera kunali kophweka.

Mu December 2009 mukukumbuka chinkhoswe cha Tiwonge Chimbalanga ndi Steven Monjeza ku Chirimba, awiri omwe boma linkati onse ndi amuna. Anawamanga patangopita masiku awiri, May 2010 khoti nkuwapatsa zaka 14, kenako a Bingu anawakhululukira pomwe kunabwera a Ban Ki-moon, mlembi wamkulu wa bungwe la United Nations nthawi imeneyo. Blantyre yense ankakamba zomwezo, mminibasi, pamsika, anthu kukhamukira ku khoti kukaonera ngati kwabwera zisudzo. Ine ndinaseka nawo. Mlongo wanga anali kwathu nthawi imeneyo akukonzekera mayeso a Fomu 4, ndipo ndinayankhula pamaso pake, nsima ili pa tebulo, kuti anthu oterewa zaka 14 zachepa. Anasamba mmanja nkutuluka. Zaka zambiri zitapita anadzandiuza kuti usiku umenewo anaganiza zodzipha. Mawu a amalume anali atawazolowera, koma anga ayi.

Anapita ku Joni 2014, awiriwo, ngati mmene amapitira anyamata ambiri, basi ya pa Mwanza kudutsa Tete ndi Zimbabwe mpaka Beitbridge. Wina anapeza ntchito ya mmaluwa, wina ya mu khitchini ya lesitilanti. Mpaka pamenepo anali anzawo chabe, chipinda chimodzi, matiresi awiri, aliyense akubisira mnzake chomwe chinali mu mtima kuopa kutaya munthu yekhayo amene anali naye. Mu April 2015 kutabuka zipolowe zothamangitsa obwera, boma lathu linatumiza mabasi kukatenga anthu, iwo anadzitsekera mchipindamo masiku angapo osatuluka. Mmenemo ndi mmene mnzakeyo anayankhula. Akuti chibwibwi chinamugwira kuposa masiku onse, mawuwo ankakana kutuluka, ndipo mlongo wanga olo anali atadziwa kale chomwe chikubwera anangokhala nkumudikira mpaka anamaliza yekha.

Ndisanamize anthu kuti kuchokera pamenepo zonse zinali mbee. Ayi ndithu. Munthu womenyedwa ali mwana amakula thupi lake likadali pa ulonda. Mlongo wanga sankagona chofulatira chitseko. Ankabisa buledi mu chikwama cha zovala pomwe fuliji ili yodzaza. Mnzakeyo akangokweza mawu pang'ono, olo akuitana ali kubafa, iye amauma thupi lonse kapena kupsa mtima nkuswa kapu, kenako masiku awiri osayankhula. Anayambanso mowa. Nde taganizani, winayo anakulira mnyumba ya chidakwa, fungo lokha la mowa limamubwezera kwa bambo ake, ndipo mantha ake aakulu anali oti tsiku lina dzanja lake lidzachita zomwe linkachita dzanja la bambo akewo. Anasiyana miyezi ingapo. Chomwe chinawabweza si chikondi chokha, mnzakeyo anamuuza kuti ndibwerera ukayamba kupita kwa aphungu othandiza pa za maganizo, ndipo anamuperekeza ku kiliniki ulendo woyamba nkumudikira panja pa benchi. Kumeneko ndi kumene mlongo wanga ananena koyamba za mphasa ija, ali bambo wandevu. Mphunguyo anamuuza kuti kubisa buledi si misala, ndi mwana uja wa zaka 7 akuonetsetsa kuti mawa adya. Mowa anasiya. Buledi akuti nthawi zina amabisabe, mnzakeyo akamupeza amangomusiya pomwepo.

Ine anandiuza 2019 pa WhatsApp, uthenga wautali woyamba ndi "achemwali pepani". Ndinamubuloka. Pafupifupi chaka chathunthu sindinamuyankhule, koma ndalama za fizi ya ana anga zomwe ankatumiza ndinkalandira, ndipo zimenezi zimandichititsa manyazi mpaka lero. Ndinkati ndi za ku Joni zimenezi, amuphunzitsa azungu, kapena mnzakeyo anamudyetsa mankhwala. Kenako ndinadzakhala pansi nkuwerenga zaka. Mwana uja ankamutcha chimkazi 1999, kumudzi kopanda magetsi, kopanda TV, mzungu ankangomuona patali mu galimoto ya ku esiteti. Anamuphunzitsa ndani? Ndipo ngati nkhanza ndi umasiye ndi zomwe zimapangitsa, ife ana amasiye a zaka za mma 90 tinalipo angati dziko lino, omenyedwa, omanidwa chakudya, ogona kukhitchini? Inenso kwa mayi aang'ono sindinkadya zonona ayi, koma ndinakwatiwa ndi mwamuna, ndili ndi ana atatu. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linachotsa kukondana kwa amuna kapena akazi okhaokha pa mndandanda wa matenda mu 1990, mlongo wanga asanabadwe nkomwe. Bala lomwe anali nalo linali la paipi ndi njala ndi mawu athu, ndipo munthu amene analitsuka balalo ndi yemweyo amene ife tikumutcha tchimo lake.

Amalume anamwalira 2022. Bokosi anagula ndi mlongo wanga, ana awo enieni analibe kanthu. Anabwera onse awiri, koma pamudzi anafika ngati anthu ongodziwana, wina kugona kwa achibale ake, wina kusiwa. Kumanda, bokosi likutsika, ndinaona mlongo wanga akunjenjemera miyendo, osalira, kungonjenjemera ngati mwana uja wa mu chiperoni. Mnzakeyo anali kumbuyo kwake, ndinaona dzanja lake likunyamuka kenako nkulibweza mthumba. Mkazi aliyense pamaliro amamugwira mwamuna wake, palibe amene amadabwa. Awa zaka zoposa 20 akudziwana, sakanatha. Ndinapita ine kukamugwira, koma ndinkadziwa kuti si dzanja langa lomwe ankalifuna.

Ndipo mantha awo si ongopeka. Gawo 153 la malamulo athu a milandu, lomwe amamangira amuna ogonana okhaokha, likadali pomwepo ndi zaka zake 14, gawo 156 zaka 5, ndipo 2011 anaonjezera lina lomanganso azimayi. Malamulo a amunawa anatisiyira ndi atsamunda, si agogo athu anawalemba, koma timawateteza ngati ndi chikhalidwe cha makolo. Mu 2012 nthawi ya mayi Joyce Banda boma linati layamba laimitsa kumanga anthu, koma lamulolo silinachotsedwe. July 2023 mipingo ndi Asilamu anayenda mmisewu kukana maukwati oterewa, anzanga a mvano anapita atavala yunifolomu, ine ndinati ndikudwala mutu. Pa 28 June 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko ku Blantyre linakana pempho la Jan Willem Akster ndi Jana Gonani loti malamulo amenewa athetsedwe, malamulowo nkukhala mmene analili. Pomwe a Mozambique omwe tikugawana nawo malire, chiyankhulo ndi mafumu anachotsa lawo 2015, Botswana 2019, ndipo ku South Africa anthu oterewa akhala akumanga ukwati kuyambira 2006. Sikuti ku Joni ndi kumwamba, mmakomboni akumeneko anthu amamenyedwabe, ndipo iwo ngati obwera ali ndi mantha awiri. Koma wapolisi sangawagogodere usiku chifukwa cha mmene agonera.

Ine ndine wopemphera, Baibulo ndimawerenga, ndipo sindikupempha abusa athu kuti adalitse ukwati womwe chikumbumtima chawo chikukana. Guwa ndi lawo. Chomwe ndikukana ndi ndende. Munthu amene sanabe, sanagwiririre mwana, sanaphe, amene anaphunzitsa ana anga mpaka wina ali ku koleji, akakhale zaka 14 ku Chichiri kapena ku Zomba chifukwa chokonda munthu amene ankamubisira mkute? Amalume amene anamung'amba msana ndi paipi sanagonepo mchitokosi olo usiku umodzi, ndipo pamaliro awo analalikidwa ngati munthu wolera ana amasiye. Aphungu athu a Nyumba ya Malamulo, khoti linakusiyirani inu nkhaniyi, ndipo ena mwa inu muli ndi ana otere mnyumba zanu, mukudziwa.

Kwa azimayi anzanga, makamaka inu amene mukulera ana a abale anu omwe anatisiya, kamnyamata kokonda kumoto kasiyeni kaphike. Simukawongola ndi ndodo, mungokaphunzitsa kunama ndi kubisala, ndipo tsiku lina mudzakapeza kali pa chingwe nkumati sitinadziwe. Mukaona mwana wa neba ali ndi zipsera musavomere za mtengo wa mapeyala ngati ine, imbani 116, ndi yaulere. Anyamata akuluakulu amene mukuyenda ndi zinthu za ubwana mu mtima, a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu pa za maganizo, kupitako si misala.

Tsiku lobwerera atatha maliro ndinawaperekeza ku Wenela. Basi ili pafupi kunyamuka ndinamupatsa mnzakeyo kathumba ka ufa ndi chinangwa nkumuuza kuti "alamu, muyende bwino, mumusamale." Aka kanali koyamba. Anafuna kuyankha koma chibwibwi chinamugwira, kondakitala akukuwa, ine ndinaima pomwepo mpaka anamaliza kunena zikomo achemwali.

Anagula kapuloti kuno, amatumiza ndalama za njerwa ndi simenti mwezi ndi mwezi, ndikuyang'anira ndine. Nyumbayo yafika pa mawindo. Amisiri amandifunsa kuti eni ake abwera liti kudzakhalamo, ine ndimangoti akadali pa ntchito.

Mlongo wake,
Blantyre