Mwana wanga, tiyambe taisuzumira kunsi

Mwana wanga wokondedwa,

Zithunzi zija za galimoto yogundidwa imene ukufuna kugula, zomwe udatumiza pa WhatsApp ya mlongo wako, ndazionetsetsa. Maso anga masiku ano safuna tinthu ting'onoting'ono, ndiye ndidamuuza kuti azikuze chimodzichimodzi ine nditakhala pakhonde, mpaka dzuwa kupendeka. Pafoni paja ndidangoti "tiona" chifukwa mawu ako amathamanga, ndipo ndidamva kuti mtima udagula kale, chatsala ndi thumba. Ndiye ndati ndilembe kuti uwerenge utakhala pansi. Kuno ku Ntcheu tadzuka bwino. Mayi ako miyendo ija yayamba kupepuka, dzulo afika okha kudimba.

Galimotoyo ndi yokongola, zimenezo sindikana. Ngakhale yaphwanyika tsaya, Toyota 86 yofiira ngati imeneyo munthu umacheuka ikamadutsa. Sindikudabwanso kuti yakugwira mtima iweyo. Uli mwana ku Ndirande unkatola mawaya kuseri kwa galaja yomwe ndinkagwirako ntchito. Anzako ankaumba malole ndi minibasi, koma yako nthawi zonse inkakhala yafupi, yogwa mphuno, matayala a zitini za polishi akumbuyo okulirapo kuposa akutsogolo. Unkaikankha ndi bango lalitali, injini ikulira pakamwa pako, mpaka mayi ako kukuitana katatu nsima itazizira. Choncho sindinena kuti ndi zachibwana. Munthu amene wagwira ntchito zaka zonsezi, n'kulipirira alongo ake sukulu osadandaula, ayenera kugulako chinthu chifukwa choti wachikonda basi.

Chandilembetsa kalatayi ndi mawu amene wogulitsayo adakuuza, akuti "ndi bodi chabe". Zaka 31 ndakhala ndikuwongola magalimoto, ndipo mawu amenewo ndawamva kosawerengeka. Nthawi zina amakhala oona. Koma galimoto yako siili ngati Hilux kapena Land Rover yakale, yomwe ili ndi chasisi chakechake ngati makwerero, bodi n'kungokhazikidwa pamwamba. Imeneyo ukhoza kuiphwanya bodi yonse, chasisi chili chilili. Galimoto zing'onozing'ono zamakono bodi yomweyo ndiye chasisi. Kutsogolo kuli mikono iwiri yachitsulo yochokera kunsi kwa mapazi a dalaivala mpaka kubampa, ndipo injini imagona pakati pake. Mikono imeneyo adaipanga dala kuti pangozi izifwanyika ngati chitini chopondedwa, mphamvu ya kugundako ithere mmenemo isanafike pamiyendo ya munthu. Imachita zimenezi kamodzi kokha. Ikapindika n'kuwongoledwa, maso amaona yowongoka, koma chitsulo chimakumbukira pamene chidapindikira.

Tsono zomwe ndaona pazithunzi. Madigadi akumanzere okwinyika, bampa yolendewera, getsi losweka, zimenezo sizikundiopsa, ndi khungu. Chandikhalitsa chete ndi chithunzi chachitatu, chojambulidwa mbali ya dalaivala, mbali imene sidagundidwe n'komwe. Taonanso mpata wa pakati pa boneti ndi madigadi. Kufupi ndi galasi lakutsogolo ndi wotambalala woti chala chikhoza kulowa, koma kumphuno wapanikizana. Mbali yosagundidwa siyenera kusuntha. Ikasuntha ndiye kuti mphuno yonse idakankhidwira uko. Tayala lakumanzere nalonso likuoneka ngati labwerera chakuchitseko. Mwina ndi mmene wojambulayo adaimira, foni imanama nthawi zina, n'chifukwa chake sindikugamula ndisanaiyeze ndi tepi.

Pali nkhani imene sindidakuuzepo, ngakhale mayi ako adaimva patapita zaka. Tsiku lina adatibweretsera galimoto yaing'ono yogundidwa kutsogolo chimodzimodzi, mkono umodzi utapindika. Makina okokera tidalibe. Tidaimangirira ndi unyolo kumtengo wa mango womwe udali pabwalo la galaja, mbali inayi tcheni buloko. Ine ndidayatsa gasi n'kuwotcha chitsulocho mpaka chidafiira ngati khala, mnzanga akukoka, ine ndikumenya ndi hamala. Pomwe padang'ambika ndidawotcherera, ndidapala bwinobwino, tidamata fila, phala lija lobisa makwinya a chitsulo, tidathira penti. Idatuluka ikuwala, ndipo ndidanyadira ntchito ya manja anga. Mwini wake adaigulitsa sabata yomweyo, osamuuza wogulayo kanthu.

Chaka chisanathe idabweranso, itanyamulidwa pa lole. Mnyamata amene adaigula adagunda ng'ombe usiku, ndipo akuti sankathamanga kwambiri. Mkono uja sudafwanyike pang'onopang'ono monga uyenera, udangothyoka, zonse n'kukankhikira kumapazi ake. Nditagwada kusuzumira ndi tochi, ndidazindikira kuwotcherera kwanga, pamalo pomwepo pamene padaduka. Mnyamatayo adapulumuka koma mwendo sudabwerere mwakale. Ndidakumana naye kangapo mumsika akuyenda ndi ndodo, ndipo ankandipatsa moni mwaulemu, osadziwa. Adali wamsinkhu wako wa panopa. Kuyambira pamenepo ntchito yowotcha chasisi ndinkaikana, ngakhale mwezi utaipa bwanji. Ndiye ukamva ndikulimbikira za mikono iwiriyo, dziwa kumene zikuchokera.

Amati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Ubwino wa galimoto yakoyi ndi woti sadaikometse, bala lili poyera, tikhoza kuliona tisanalipire. Ikadakhala yopentedwa kale ndikadaopa koposa. Komabe tiyenera kufufuza ngati iyi ndi ngozi yake yoyamba. Ndidzabwera ndi maginito wokulunga m'kansalu, tidzamuyendetsa pazitseko ndi m'mbali monse. Pamene pali fila wochindikala sagwira. Pa boneti pokha usadzadabwe akadzakana, chifukwa boneti ya galimoto imeneyi ndi ya aluminiyamu, ndipo dziwiratu kuti ikapindika anyamata ambiri am'magalaja mwathu saiwongola bwino, imafuna kugula ina. Tidzaona mitu ya mabawuti ogwira madigadi ndi zitseko ngati sipanala idadutsapo, tidzatukula kapeti m'buti, tidzayeza kuchokera pakati pa tayala lakutsogolo mpaka pakati pa lakumbuyo, uku ndi uku. Manambala awiriwo ayenera kufanana. Kenaka ipite pamakina a alayimenti, oyeza ngati matayala aima mowongoka, atipatse pepala. Galimoto yopotoka imadya matayala mbali imodzi, ndipo chiwongolero chimakokera kumbali ngakhale uisinthe chilichonse.

Iweyo ukapitako ine ndisanafike, chita ichi chokha. Tembenuza kiyi, kapena dina batani osaliza injini, uyang'ane pa dashibodi. Kagetsi ka airbag, chikwama cha mpweya chija chimafufuma pangozi kuteteza munthu, kayake, papite timasekondi tochepa, kazime kokha. Kakapanda kuyaka n'komwe ndiye kuti wina adakazula kuti abise. Yang'ana pakati pa chiwongolero ndi pa dashibodi mbali ya wokwera ngati sipadamatidwe, ukokenso malamba onse awiri akutsogolo. Pangozi yaikulu lamba amadzikoka yekha n'kuuma, sabwereranso. Ma airbag ataphulika kale, kubwezeretsa zonsezo moyenera ndi ndalama yambiri, ndipo ambiri amangotseka bowo n'kugulitsa.

Dziwanso kuti dzina ndi la Toyota koma injini ndi ya Subaru. Makampani awiriwa adapangira limodzi galimotoyi n'kuitulutsa mu 2012, inayo n'kuitcha Subaru BRZ. Injini yake ndi ya malita awiri, yogona chammbali, mapisitoni awiri uku awiri uku, ndipo m'lifupi mwake imatsala pang'ono kukhudza mikono ija. Ngakhale kusintha mapulagi kumavuta chifukwa cha kupanikizana. Ndiye mkono ukapindikira m'kati, mutu wa injini uli pomwepo. Makaniko amene wakulira pa Corolla ndi Probox akhoza kukhala katswiri ndithu, koma umufunse ngati adatsegulapo injini ya Subaru.

Za mapepala sindichulutsa, iwe ndi wophunzira kuposa ine. Nambala ya chasisi, yoyamba ndi ZN6, ifanane ndi ya m'bulubuku, ndipo dzina la m'bulubukumo likhale la amene akulandira ndalamayo. Za msonkho wa MRA zikhale zoyera, pasakhalenso ngongole ya kubanki yomangiriridwa pa galimotoyo. Umufunse maso ndi maso ngati a inshulansi adaitaya kuti siingakonzedwenso, chifukwa zotere amazigulitsa motchipa, anthu n'kumadzazigulitsanso ngati zongokhulidwa pageti. Poti idachokera ku Japan, ndi nambala ya chasisi yomweyo ukhoza kuitanitsa pa intaneti pepala la kumsika komwe idagulidwa. Likalembedwa R kapena RA, idakonzedwapo mafupa isanakwere n'komwe sitima. Upitenso kwa a inshulansi ako uwafunse ngati angailandire pa inshulansi yonse itakonzedwa, usanagule, osati utagula.

Tsopano ndalama. Wandiuza mtengo wake n'kunena kuti ndi theka la yabwinobwino. Theka linalo silidasowe, mwana wanga, likukudikira kugalaja. Getsi la Corolla kapena la Sienta ukhoza kulipeza kwa Biwi dzuwa lisanafike pamutu. La 86 udzazungulira Lilongwe yense, mapeto ake n'kuitanitsa ku Japan, ku Dubai kapena ku Joni, kulipira ndi ndalama yakunja yomwe ikusowayi, kuwonjeza mtengo wonyamulira ndi msonkho. Ukukumbukira mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, mmene mitengo ya sipeya idadumphira. Ndaona magalimoto ambiri atakhala pamiyala miyezi isanu ndi umodzi kudikira kachitsulo kamodzi, penti akupsa ndi dzuwa, batire itasowa, mawaya atadyedwa ndi makoswe. Ndiye pempha wokonza akulembere mtengo wa chilichonse papepala, pamwamba pake uwonjezepo theka, chifukwa bampa ikachotsedwa m'pamene redieta yothyoka makutu ndi zina zobisika zimaonekera. Ukaphatikiza zonse n'kupeza kuti zayandikira mtengo wa ina yosagundidwa, palibe chimene wapulumutsa. Ndipo tsiku lodzaigulitsa, wogula wochenjera adzabwera ndi maginito wake.

Chinanso, pafoni paja udatchula mopepuka za ndalama ya puloti. Imeneyo usaikhudze. Katapilanso ayi, ngakhale wa mnzako wa kuofesi.

Udziwe bwino chimene ukugula. Kunsi kwake ndi pafupifupi masentimita 13 kuchoka pansi. Mahampu a m'misika ya mumsewu wa M1 uzidzawadutsa chopingasa, ndipo kuchoka patala kubwera kumudzi kuno, ndi msana uja uli pakati pa msewu, nthawi ya mvula siidzafika. Matayala ake ndi opyapyala, dzenje limodzi limapinda limu. Imakankha ndi matayala akumbuyo, ndiye pamsewu wonyowa ukaponda mafuta pakona, mbuyo imafuna kutsogola, zimene sudazizolowere pa magalimoto omwe wayendetsa. Mipando yakumbuyo ndi ya dzina chabe. Zonsezi si zifukwa zoikanira, koma ndi zifukwa zoti isakhale galimoto yokhayo pakhomo. Sienta ija ndi imene imapita ndi mdzukulu wanga kusikelo ndi kusukulu, isagulitsidwe chifukwa cha iyi. Apongozi anga wakambirana nawo? Sindikunena zowadziwitsa utapanga kale chiganizo. Ndikunena kukhala nawo pansi, pepala la mitengo lili pakati panu, iwonso anene zakukhosi. Akakana, umve chifukwa chake mpaka kumapeto.

Maganizo anga ndi awa. Tikapeza mikono ija ili yowongoka, ma airbag ali osaphulika, mapepala ali oyera, ndalama ili yako yapadera ndipo kunyumba kwako mwagwirizana, gula. Ndidzakhala ku Lilongwe mpaka itatha, ndidzaimirira wokonzayo ndekha, ndipo madigadi amenewo ndikhoza kuwawongola ndi manja angawa, akadali ndi mphamvu ya ntchito imeneyo. Ndidzakondwa kukwera nawe ulendo woyamba. Koma tikapeza mkono wapindika, ngakhale pang'ono, kapena wina adaupitsapo moto, ndikupempha ngati bambo ako kuti uisiye, ngakhale atatsitsa mtengo kawiri. Ndiwe munthu wamkulu, ndalama ndi yako, sindingakugwire dzanja. Koma mwendo wa mnyamata uja ndimauonabe ndikatseka maso, ndipo sindingapirire kuti wachiwiri akhale iwe.

Wogulitsayo akuti pali wina akubwera ndi ndalama Lachisanu. Musiye abwere. Akaitenga, 86 si imodzi padziko, tidzafuna ina pamodzi. Usapereke dipoziti, usasaine kanthu. Akakana kuti tiikweze padzenje kapena kuipititsa pamakina, watiyankha kale.

Ndinyamuka Loweruka ndi basi yam'mawa, udzandichingamire kudepoti chakumasana. Upezeretu galaja yokhala ndi dzenje, osati ya mnzake wa wogulitsayo, ndipo umuuze kuti galimotoyo asailize tisanafike, ndikufuna kuimva injini ili yozizira. Ovolosi yanga mayi ako achapa kale, tepi ndi tochi zili m'chikwama. Iwenso udzavale zoti zikhoza kuda, chifukwa kunsiko tidzalowa tonse awiri, uone ndi maso ako.

Mayi ako akuti ndidzanyamule kathumba ka mbatata ya kachewere ndi nyemba za mdzukulu wawo. Upereke moni kwa apongozi anga.

Ndine,
Bambo ako