Wotchi yobwereka pamkono wa nduna

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za kanthu kakang'ono koma kokwera mtengo, mawotchi amene andale amavalawa. Ine ndili ndi kachizolowezi kena masiku ano, ndikaona chithunzi cha nduna kapena pulezidenti pa foni nkhope sindiyang'ananso, ndimangokulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri mpaka pamkono pomwe kuti ndione lero bwana atimangira chani. Ndipo chomwe ndapeza n'choti wotchiyo payokha siyindipweteka mutu kwenikweni, munthu akagwira ntchito n'kugula Rolex yake ndi zake zimenezo. Chondipweteka ndi yankho lomwe amapereka akafunsidwa kuti mwaitenga kuti.

Taonani za ku Thailand. Mu December 2017 nduna zinaima panja kuti zijambulitse chithunzi cha gulu, dzuwa likuswa mtengo, ndiye a Prawit Wongsuwan omwe anali wachiwiri kwa nduna yaikulu anakweza dzanja kuti dzuwa lisawathobwe m'maso. Basi mkono wa yunifomu uja kutsetsereka pang'ono, wotchi ya Richard Mille poyera, kuchala mphete ya dayamondi ikuti waliwali. Anthu a pa intaneti sagona tulo, anafukula zithunzi zakale chimodzichimodzi mpaka anawerenga mawotchi opitilira 20 osiyanasiyana, onse osalembedwa pa chikalata cha katundu wawo. Atafunsidwa anati ndinangobwereka kwa mnzanga. Nanga mnzanuyo ali kuti? Anamwalira. Eti abale, mboni yokhayo ili kumanda! Bungwe lothana ndi ziphuphu la kumeneko linati mu December 2018 palibe mlandu, nkhani n'kuzizira choncho.

Ku Peru nako nyimbo ndi yomweyo. Mu March 2024 apolisi anachita kuthyola chitseko cha nyumba ya pulezidenti Dina Boluarte usiku pofuna ma Rolex. Poyamba mayiwa ankati zimenezi ndi thukuta langa ndakhala ndikugwira ntchito kuyambira ndili ndi zaka 18, zitafika pothina nkhani inatembenuka, akuti anawabwereka kwa a Wilfredo Oscorima, bwanamkubwa wa chigawo cha Ayacucho, mnzawo amene ankamutchula kuti mlongo wanga. Ku Russia a Dmitry Peskov, mneneri wa a Putin, anaoneka pa ukwati wawo mu 2015 ndi wotchi yomwe wotsutsa boma Alexei Navalny anati imaposa madola 600,000, iwo nkuti ndi mphatso yochokera kwa mkwatibwi.

Ndiye apa ndi pamene ine ndimasiyana ndi anzanga ambiri. Anthu akamva zoti ndinabwereka amangoseka kuti bodza ili, koma ine ndimati bola likhale bodza, chifukwa zikakhala zoona ndiye zafika poipa kwambiri. Ndani amabwereketsa wotchi ya mtengo wa nyumba kwa munthu amene amasaina makontilakiti a boma? Paja kupatsa nkuika. Wobwereketsayo si wopusa, akudziwa kuti tsiku lina adzaimba foni ndipo bwana sadzatha kuidula, wotchi ija ili pamkono womwewo wogwira cholembera. Nduna yogula yokha titha kuifunsa kuti ndalama mwazitenga kuti, koma nduna yobwereka funso lake ndi lina, mudzabweza chani ndipo mudzabweza ndi za ndani.

Komanso tisadzinamize kuti amavalira ife. Ambirife Patek Philippe ndi wotchi wamba sitingazisiyanitse ngakhale mutatiyikira pamphuno. Nthawi aliyense amaona pa foni. Wotchi imeneyo ikuyankhula ndi anthu ochepa chabe m'chipinda cha msonkhano, amabizinesi ndi andale anzawo amene amadziwa mtengo wake pongoyang'ana kamodzi, ikuwauza kuti ine ndi wa gulu lanu ndipo mukafuna kundiyandikira mubwere mwakonzeka. Ife ovota timangoiona mwangozi, malaya akatsetsereka.

Nchifukwa chake ikagwidwa ndi kamera amanjenjemera. Ya ku Moscow mu 2012 imandiseketsa mpaka lero ngakhale mwini wake si wandale, mkulu wa mpingo wa Orthodox a Kirill, anthu a mu ofesi yawo anafufuta wotchi ya Breguet pa chithunzi ndi kompyuta koma anaiwala kuti tebulo linali lopolishidwa, wotchi pamkono palibe koma m'tebulo ikuoneka bwinobwino ngati pa galasi. Mpingo unapepesa. Koma ya ku China siyoseketsa. Chaka chomwecho mkulu wina woyang'anira za chitetezo ku Shaanxi, a Yang Dacai, anajambulidwa akumwetulira pamalo pomwe basi inachita ngozi anthu 36 n'kufa. Anthu atakwiya ndi kumwetulirako anayamba kuyang'ana pamkono, mawotchi odula mbwee m'zithunzi zosiyanasiyana, mu 2013 khoti linawapatsa zaka 14 kundende pa mlandu wa ziphuphu. Kukanakhala kuti sanamwetulire tsiku limenelo mwina bwenzi akuvalabe.

Wina anena kuti ndiye avale zotchipa. Aaa nazonso ndi zovala za pa siteji nthawi zina. Bill Clinton ankavala Timex ya pulasitiki ali pulezidenti wa America, si kuti anali wosauka, ankadziwa kuti ovota akuona. A Macron aku France mu March 2023 ali mkati mofunsidwa pa TV za kukweza zaka zopumira pantchito analowetsa manja pansi pa tebulo, potulutsa wotchi palibe. Ofesi yawo inati imagunda tebulo n'kumachita phokoso, mwina ndi zoonadi, koma anthu anali atakhulupilira kale zina.

Pempho langa kwa inu atolankhani ndi loti mukamajambula akuluakuluwa musamangotenga pakamwa, tsitsaniko kamera pamkono, kenako mukatsegule chikalata cha katundu wawo muone ngati wotchiyo ilimo. Akakuuzani kuti ndinabwereka musatseke kabuku, funsani dzina la mwini wake, amachita bizinesi yanji, ndipo ngati ali moyo mumuimbire.

Ine wowerenga wanu wa tsiku ndi tsiku.