Lenzi ija si yowonongeka, aise

Chinamwali, Zomba
Okutobala

Aise,

Katundu uja wafika. Mphwako anakamutenga ku Blantyre Loweruka, ndipo pofika naye kuno n'kuti katoni atatsegula kale, mabisiketi a ana atachepa. Umufunse wekha. Kalata yako ndawerenga, timizere tochepa chonchija, munthu woti watha chaka osalemba. Sopo tathokoza, nsapato za mlamu wako zakwana. Koma chimene chikundigoneka mochedwa masiku ano ndi kanthu kaja unakakulunga m'sokosi n'kulembapo kuti mwina n'kowonongeka, ndione ndekha.

Sikowonongeka ayi. Kodi ukudziwa chimene unatola pamsika wa zakale uja? Ndi Super-Takumar 50mm f/1.4, ya kampani ya Asahi ya ku Japan, imene inkagulitsidwa pamodzi ndi makamera a Pentax Spotmatic m'zaka za m'ma 1960. Inatsogola kubadwa, ife tinabwera m'mbuyo. Ndi chitsulo ndi galasi basi, mulibe mota, mulibe waya, fokasi ndi ya dzanja. Ukuti pa Nikon yako ija sinkaona patali. Inde sikanaona. Malenzi a mazinga a M42 amafuna kukhala mamilimita 45.46 kuchokera pa sensa, kagawo ka mkati mwa kamera kamene kamalandira chithunzi, pomwe pakamwa pa Nikon pali kale pa 46.5. Ndiye adaputala ipyapyale chotani, lenzi imakhala itatalikira ndithu, n'kumangoona zapafupi. Pa Sony a6000 yangayi mpatawo ndi mamilimita 18 okha, adaputala imangodzaza potsalapo. Ndinali nayo kale, ya lenzi ya Helios ija inagwa paukwati wa mwana wa abusa. Ndangomanga, n'kutuluka pakhonde, mitengo ya pamwamba pa phiri n'kuoneka umodziumodzi. Ukanafunsa kaye. Tsopano usaifunenso, yapeza kwawo.

Ndinayamba ndi nyuzipepala, monga tinkachitira kale. Ndinaimata ndi selotepu pakhoma la kuseri kuja kuli mthunzi, kamera ndinaiimika pa miyendo yake molunjika bwino, n'kutchera kuti izijambula yokha pakatha masekondi awiri, dzanja lisagwedeze. Pa f/1.4, bowo lolowera kuwala litatsegukiratu, zilembo za pakati zikuwerengeka zonse, ngakhale ting'onoting'ono ta m'malonda, koma chilembo chilichonse chili ndi kakuwala kotuwa m'mphepete, ngati ukuyang'ana munthu kudutsa mu utsi wa kukhitchini. Chakuda sichikuda kwenikweni. M'makona ndiye mwachimbuuzi ndithu. Ukangotseka pang'ono kufika pa f/2 utsi uja ukuchepa kwambiri, pa f/2.8 wathawa, zilembo zadera bii. Pa f/5.6 makona nawo afika, ndipo palibe angadziwe kuti chajambula ndi chinthu cha zaka za agogo. Pa f/16 yayambanso kufewa pang'ono, koma zimenezo n'za lenzi iliyonse bowo likachepetsa.

Chimene ndinkaopa kwambiri n'chakuti mwina inagwapo, magalasi a mkati n'kusuntha. Ikatero, kona imodzi imaoneka bwino inzake ili mbuu. Ndafananiza makona onse anayi, akufooka mofanana ndipo akuchira mofanana. Amene anaisunga zaka zonsezi anali munthu wosamala. Komabe ndisaitame mopitirira: sensa ya kamera yanga ndi yaing'ono kuposa filimu imene lenziyi anaipangira, ndiye imangotenga chapakati, ndipo 50mm ikuona ngati 75mm. Makona enieni, kumene malenzi otere amada ndi kufooka kwambiri, ine sandifika n'komwe.

Koma aise, ndani anandilipirapo chifukwa chojambula nyuzipepala? Mayeso enieni anachitika pachinkhoswe cha mdzukulu wa a tcheya, madzulo magetsi atathima, muholo mutangotsala timababu ta sola tiwiri ta pakhomo ndi matochi a mafoni. Lenzi yanga ya masiku onse, ija inabwera ndi kamera, ikafika pa 50mm imakhala pa f/5.6. Kuchoka pamenepo kufika pa f/1.4 kuwala kumawirikiza kanayi motsatizana, ndiye kuti kulowa kochuluka ka 16. Pamene ndikanakweza ISO, mphamvu ya kamera yomvera kuwala, kufika 6400, nkhope n'kudzaza timadontho, ndinali cha m'ma 400 ndi 800, osayatsa fulashi. Pali chithunzi cha ankhoswe akupatsirana nkhuku, kuwala kukuchokera mbali imodzi, thukuta pamphumi likunyezimira, khamu lonse kumbuyo litasungunuka. Kakuwala kotuwa kaja ndinkakadandaula panyuzipepala, pankhope ya munthu kamakhala bwino zedi, khungu limafewa koma maso ali chipenyere. Ndiye ndikukuuza, ukamva wina akunyoza lenzi yotere chifukwa choti pa f/1.4 zilembo sizinaderetu, umufunse ngati anajambulirapo munthu mumdima.

Zovuta zake zilipo, ndipo si zochepa. Munthu akaima mita imodzi ndi theka, gawo looneka bwino ndi masentimita 5 okha kapena kuyandikira apo. Diso lagwira, khutu lapita. Akangopuma n'kuweramira kutsogolo, fokasi yagwera patsitsi. Timizere tofiira tija kamera imaonetsa posonyeza pamene pagwira sitithandiza kwenikweni pa f/1.4, timayaka ngakhale pamene sipanafike, ndiye ndimayenera kukulitsa chithunzi pa sikirini n'kupotoza ringi pang'onopang'ono. Ringi yakenso, aise, imayenda mofewa moti umangofuna kumaipotoza popanda chifukwa. Koma nthawi ya perekaniperekani, anthu akuvina n'kumaponya ndalama, iwalako. Ndinabwerera ku lenzi yanga ya masiku onse ndi fulashi. Ndipo anthu akaima awiri, wina patsogolo pang'ono, mmodzi amatuluka bwino mnzake ali chizirezire. Apongozi aakazi a mkwati anabweza chithunzi chawo, ati chazima, nyumba yawo ya malata atsopano sikuoneka kumbuyo. Sindingawatsutse, iwo analipira kuti malatawo aoneke. Achinyamata ndi amene akuchita kulimbirana, akuti zikufanana ndi za m'magazini.

Ukailozetsa kumene kuli dzuwa, chithunzi chonse chimatuwa, mitundu n'kusuluka. Utoto woteteza galasi ndi wakale, usanabwere uja wa Super-Multi-Coated wa mu 1971. Ndimachita kutchinga ndi dzanja. Pa zoyera zowala kwambiri pamatuluka kamzere ka pepo m'mphepete, ndinakaona pa mabulauzi ndi maduku a amayi a Mvano Lamlungu ataima padzuwa, komanso m'mphepete mwa malata. Pa f/2.8 kamatha. Usiku mababu a m'mbali mwa chithunzi amamera timapiko, ndipo ukatseka pang'ono, magetsi a kumbuyo osagwira fokasi amasiya kukhala obulungira, amakhala a makona 6, chifukwa timasamba ta bowo lake tilipo 6. Ena sakonda zimenezo. Ine sizindivuta.

Tsopano imva mlandu umene wandiputira pakhomo pano. Nditaika lenzi papepala loyera n'kusuzumira, ndinaona kuti galasi ndi lachikasu, chikasu chopita kofiirira. Si dothi, si mafuta. Malenzi ambiri a mtundu uwu, galasi lina la chakumbuyo analisakaniza ndi chitsulo chotchedwa thorium, kuti lizipinda kuwala kwambiri popanda kumwaza mitundu. Makampani angapo ankachita zimenezi nthawi imeneyo, si Asahi yokha. Thorium imatulutsa mphamvu yosaoneka yotchedwa radiation pang'onopang'ono, ndipo pakapita zaka galasi limasanduka lachikasu. Ndinafotokozera mlamu wako tikudya nsima, poganiza kuti asangalala nayo nkhaniyo. Anasiya mbamu m'mbale. Usiku womwewo chikwama cha kamera chinatuluka kuchipinda. M'mawa chinachoka pabalaza chifukwa ana amagona pafupi. Panopa lenzi ikugona m'chitini cha mkaka, m'kabati ya zitsulo, kuseri kwa matumba a makala. Anakauza mayi a kwaya aja, mayi a kwaya anauza amuna awo, ndipo pofika Lachisanu kumjigo kunamveka kuti iwe watumiza miyala ya ku mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera yodzera ku Joni, ine ndikuisunga kudikira ogula. Mnyamata wa pagolosale anandifunsa motsitsa mawu ngati n'zoona kuti usiku imawala. Mayi wina waletsa kuti ndisajambulire mwana wake wakhanda, ati ndibwere ndi kamera ija ya kale. Achemwali ako nawo anaimba foni, akuti uli ndi zaka zingati iwe zotumizira anzako zinthu zoopsa m'sokosi. Ukamabwera ukonzekeretu, mlandu ukukudikira.

Ndaseka nazo, komatu usiku wina ndinakhala maso ndithu, kuganiza za ana. Chimene ndikudziwa n'chakuti radiation yake ndi yochepa ndipo imazirala msanga ukangotalikira pang'ono, kujambulira sikungapweteke munthu. Choopsa ndi kuliphwanya galasilo kapena kulipala, fumbi lake n'kulowa m'thupi. Ndiye ana sakuigwira, ndipo siikhala m'thumba la malaya tsiku lonse. Kupitirira apo ndi mantha chabe, koma mantha a mayi wa ana sutsutsana nawo ndi manambala. M'chitinimo ikhala.

Chikasucho chimachoka ndi dzuwa, kuwala kwa UV kumayeretsa galasi. Amati uikulunge ndi pepala lonyezimira lija la foyilo, kusiya kumbuyo kokha, n'kuiika padzuwa masiku angapo kapena masabata. Dzuwa la Okutobala lino ndiye silosowa, tikuchita kugona pasimenti. Koma ndikuzengereza. Kutentha kotereku kungasungunule girisi wa mkati n'kuyenderera pa timasamba, komanso galasi lolozetsa padzuwa limatha kuyatsa moto, ndiye pamafunika pokhala posayaka ndi munthu woyang'anira. Chinanso, chikasucho pakhungu lathuli madzulo chimakongoletsa. Pa diresi loyera la mkwatibwi ndi pamene chimalakwitsa, koma ndikangojambula pepala loyera n'kutchera white balance, kuuza kamera kuti choyera ndi ichi, zatheka. Chokhacho n'chakuti chimadya kuwala kwina, kumene ndi chifukwa chenicheni chokhalira ndi lenzi yotere. Ndiona mvula isanayambe.

Lachitatu ndinapita kwanu ku Matawale kukasiya gawo la amayi. Ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba m'lichero, dzuwa litabisala kale kuseri kwa phiri. Ukudziwa mmene amachitira akaona kamera, amaimirira, kukasintha chitenje, kenako kuumitsa nkhope. Ulendo uno sindinayatse fulashi, tinkangocheza ine ndikupotoza ringi, ndipo chithunzi chimene chinatuluka sindinawajambulepo chotero chiyambire. Akuseka, ankanena za iwe uja unagwa mumtengo wa mango kuthawa sukulu. Nditafika kunyumba ndinachikulitsa pa kompyuta kuti ndione ngati fokasi inagwera padiso. Inagwera. Nsidze zikuwerengeka. Koma diso lakumanzere layera pakati, aise, pa mwanadiso penipeni. Ndakhala nawo pafupi kangati osaona? Mlamu wako atayang'ana anati ndi ng'ala, agogo ake inawayamba choncho. Ndipo ndinakumbukira kuti nyemba zija ankazisankha ndi zala kwambiri kuposa ndi maso, atapendeketsa mutu. Iwo sadandaula, ukuwadziwa. Ng'ala amachotsa kuchipatala munthu n'kuonanso, ndiye ndauza mphwako kuti tiwaperekeze kwa a maso sabata yamawa. Ndalama ya ulendo ndi yochepa, usavutike nayo. Uwaimbire. Usatchule za diso, angakhumudwe kuti tikuwanena, ungowaimbira basi. Anandifunsa kawiri ngati pa Khirisimasi ubwera, ndinasowa chowayankha. Chithunzicho ndikutumizira pa WhatsApp ndikagula bandulo, ukachione wekha pamalo opanda anthu.

Aphunzitsi athu a masamu aja tinawaika mwezi watha, anthu anabwera ambiri. Mkazi wa mphwako ndi woyembekezera, kaya anakuuza. Mtengo wotsukitsa zithunzi wakweranso, ndipo kumene ndimatsukitsa akuwonjezera mitundu mwa okha osandifunsa, nkhope zimene ndavutikira kuzifewetsa zikutuluka zofiira psuu. Batire imodzi yatupa, khadi lina likukana kuwerengeka, ufa nawo usanene.

Ukapitanso kumsika kuja undifunireko zinthu izi. Chotchinga dzuwa cha kutsogolo kwa lenzi, cha mazinga a mamilimita 49, chachitsulo ngati chilipo. Chivindikiro cha kumbuyo cha M42, chifukwa panopa ndikuvindikira ndi kansalu ndi labala. Ndi timapaketi tija toyamwa chinyezi timakhala m'mabokosi a nsapato, usataye, kuno mvula ikayamba chuku chimalowa m'magalasi ndipo chikadya utoto sichibwerera. Ukapeza 135mm ya banja lomweli, usanalipire utsegule bowo lonse, uyatse tochi ya foni kumbuyo n'kusuzumira kutsogolo mopendeketsa, ukaona timizere toyera toyanga mkati uisiye, ngakhale akutsitsire chotani. Upotozenso ringi ya manambala uone ngati timasamba tikutseka msanga popanda mafuta, ndipo kabatani kaja kolembedwa Auto ndi Man

Pepala landithera apa, ndipo mawa ndili ndi ukwati ku Domasi, ndinyamuka kusanache. Za munda uja amalume ako ayambanso, ndidzakuuza pafoni.

Ndine mnzako,
wa ku Chinamwali