Bwerera m'gulu la anzako aja

Mwana wanga,

Mayi ako andiuza kuti kampani yanu yopanga magemu yatsekedwa, komanso kuti watuluka m'gulu la WhatsApp lomwe unali nalo ndi anzako a kuntchito. Za kutsekedwazo pepa. Koma zotuluka m'gulumo ndiye zandisowetsa tulo.

Ukuikumbukira gemu ija ya Thief, yomwe tinkasewera pa kompyuta yakale tili ku Chilomoni? Unkakhala pamiyendo panga, iwe n'kumaloza miyuni yapakhoma, ine n'kumaponya muvi wamadzi kuti moto uzime tibisale mumdima. Magetsi akathima tisanasunge pomwe tafika, unkalira ngati pagwa maliro. Ndikuganiza kuti matenda ako a magemu anayambira pomwepo, choncho mlandu wina ndi wanga.

Gemuyo inapangidwa ndi kampani ya Looking Glass Studios ya ku Cambridge, Massachusetts, ku America. Thief yoyamba inatuluka mu 1998, yachiwiri mu Malichi 2000, ndipo pofika Meyi chaka chomwecho kampaniyo inali itatseka, ndalama zitatha. Ntchito yawo inali yabwino, anthu ankaiyamikira, koma anawatsanzika basi. Ndiye usamadzifunse kuti unalakwitsa pati.

Chomwe ndikufuna uone ndi kumene anthu a kumeneko anakathera, ndi amene anapita nawo. Ken Levine anachoka mu 1997 pamodzi ndi anzake awiri, Jonathan Chey ndi Robert Fermier, n'kuyambitsa Irrational Games. Pochoka sanatseke njira. Gemu yawo yoyamba, System Shock 2 ya mu 1999, anaipanga mothandizana ndi mabwana awo akale omwewo, ndipo gemu ya BioShock ya mu 2007 inachokera m'nyumba imeneyo. Warren Spector anapita ku kampani ya Ion Storm ku Austin, Texas, komwe anatulutsa gemu ya Deus Ex mu 2000. Looking Glass itagwa, ena mwa anyamata a Thief anakamupeza konko, n'kupanga Thief yachitatu mu 2004. Mmodzi wa iwo, Emil Pagliarulo, anapitirira mpaka ku kampani ya Bethesda, komwe anatsogolera kapangidwe ka gemu ya Fallout 3. Greg LoPiccolo, munthu wa zoimbaimba, analowa ku kampani ya Harmonix, mu Cambridge momwemo, mnzake Eric Brosius n'kudzamutsatira. Kumeneko ndi komwe kunabadwira gemu ya Guitar Hero mu 2005. Waona m'mene ankakokeranamo?

Amene ndimamuganizira kwambiri ndi Seamus Blackley. Atachoka ku Looking Glass anapita ku DreamWorks Interactive, n'kutsogolera gemu yotchedwa Trespasser. Inatuluka mu 1998 ili ndi zolakwika zambirimbiri, anthu anaiseka, dzina lake linada. Munthu wina akanabisala mpaka kalekale. Iye chaka chotsatira analowa ku Microsoft, ndipo anali mmodzi mwa omwe anakakamira kuti Xbox, makina osewerera magemu, ipangidwe. Inatuluka mu 2001. Iweyo palibe amene wakuseka, kampani yangotha ndalama.

Ndikuuze zomwe sindinakuuzepo. Pomwe anatichotsa ntchito pa kampani ija ku Blantyre, iwe unali usanayambe sukulu. Ndinachita manyazi oopsa. M'mawa uliwonse ndinkavala tayi, n'kutenga chikwama, kuti aneba asadziwe. Tsiku lina ku Limbe ndinaona mnzanga yemwe tinkakhala naye ofesi imodzi akubwera kutsogolo kwanga. Ndinalowa mu sitolo ya nsalu, n'kuyamba kufunsa mtengo wa chitenje ndilibe ngakhale ya minibasi, mpaka anadutsa. Patapita miyezi ingapo ndinamva kuti ankandifunafuna. Anali atatsegula kashopu kokonza makompyuta ndipo ankafuna munthu womudziwa. Nditapita ndinapeza analemba kale wina. Ndinakhala chaka china chathunthu ndikudya ndalama za mandasi a mayi ako.

Ndikudziwa kuti wakwiya, makamaka poona kuti ena m'gulumo apeza kale pogwira n'kumaika zithunzi za maofesi atsopano. Zimawawa, sindikukana. Koma amene wapeza ntchitoyo ndi amene mawa bwana wake adzamufunse kuti, kodi ukudziwako munthu wodziwa zakuti? Adzatchula amene akumuona. Kumene uliko ku Guildford, ku England, makampani a magemu ndi ambiri ndipo anthu ake ndi omwewo, amangosinthana mipando. Ndiponso viza yako inamangirira pa ntchito, nthawi yokhala phee m'chipinda ulibe.

Pempha mtsikana uja munkakhala naye desiki limodzi akubwezeremo usiku uno. Sukufunika kufotokoza zambiri, ungoti foni inakusokoneza. Ndalama zomwe umatumiza mwezi ndi mwezi uyambe wasiya, chimanga tinakolola chokwanira. Mayi ako akuti uwaimbire Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, ndipo uyatse kamera akuone ngati ukudya.

Ndine,
Bambo ako