Chifuwa chikamathina pachitunda, ECG yabwino si mapeto a nkhani

Akonzi,

Tiloleni tilembe za odwala amene akubwerera kunyumba kuchokera kuchipatala atauzidwa kuti mtima wawo uli bwino, pamene mtimawo ukuperewera magazi. Kawirikawiri amakhala mayi wa zaka za m'ma 40 kapena 50, wonenepa pamimba, BP yokwererako. Akakwera chitunda kapena kusenza ndowa, chifuwa chimathina ndipo amabanika, koma akakhala pansi mphindi zochepa zimasiya. Amamuyeza ndi ECG, makina ojambula kagundidwe ka mtima, ali chigonere, palibe chooneka. Opeza bwino amafika ku South Africa kapena ku India kukaunikitsa mitsempha ya mtima ndi angiogram, n'kuuzidwa kuti palibe potsekeka. Mapeto ake amapatsidwa mankhwala a zilonda za m'mimba. Kafukufuku wa mitsempha ya mtima mwa anthu onenepa akusonyeza kuti ambiri mwa odwala oterewa vuto lawo ndi la mtima ndithu, kungoti lili m'timitsempha timene zida zimenezi sizitiona.

Mtima umasiyana ndi minofu ina. Ngakhale munthu ali phee, mnofu wa mtima umachotsa pafupifupi magawo 70 pa 100 aliwonse a okosijeni wa m'magazi amene akuudyetsa. Ndiye ntchito ikachuluka, sungathe kufinya okosijeni wina wochuluka m'magazi omwewo. Njira imene watsala nayo ndi yoti magaziwo achuluke. Mwa munthu wathanzi amatha kuchuluka katatu mpaka kasanu, ndipo akamalephera kufika kawiri, madokotala amati pali vuto. Ntchito yotsegula njirayi simagwiridwa ndi mitsempha ikuluikulu yooneka pamwamba pa mtima, koma ndi timitsempha tosakwana theka la milimita tolowa mkati mwa mnofu. Zili ngati kusikimu ya mpunga: ngalande yaikulu ikhoza kudzaza madzi, koma tingalande tolowa m'minda tikakanika kutseguka, mpunga umauma. Angiogram imaona ngalande yaikulu yokha. Chinanso, magazi ambiri amalowa m'mnofu wa mtima pamene mtimawo wamasuka pakati pa kugunda kwina ndi kwina, choncho mtima wothamanga nthawi zonse umadzichepetsera nthawi yodya.

Mkati mwa mtsempha uliwonse muli kakhungu kopyapyala kamene kamatulutsa mpweya wotchedwa nitric oxide, umene umamasula mtsemphawo kuti utambasuke. Robert Furchgott ndi John Zawadzki ndiwo anasonyeza mu 1980 kuti kakhunguka kakachotsedwa mtsempha sutambasuka monga kale, ndipo Furchgott, Louis Ignarro ndi Ferid Murad analandira mphoto ya Nobel mu 1998 pa nkhani ya mpweya umenewu. Apa m'pamene mafuta a pamimba amayambira kuwononga. Mafutawa sangokhala chabe. Amatulutsa timadzi monga leptin ndi tina toyambitsa kutupa kwa mkati, amachepetsa adiponectin amene amateteza mitsempha, ndipo amachititsa thupi kusamvera insulin, timadzi totsitsa shuga m'magazi. Nitric oxide amachepa, pamene timadzi tofinya mitsempha, angiotensin II ndi endothelin, timakula mphamvu. Nthawi yomweyo thupi lalikulu ndi BP yokwera zimawonjezera mtima ntchito. Ntchito ikukula, chakudya chikuchepa, ndipo izi zimayamba zaka zambiri mtsempha waukulu usanatsekeke.

Zambiri za izi zadziwika kudzera mu nkhumba za ku chilumba cha Ossabaw ku Georgia, m'dziko la America, zimene zimasunga mafuta msanga. Akatswiri a ku Indiana University, monga Michael Sturek ndi Johnathan Tune, ankazidyetsa chakudya cha mafuta ndi shuga wambiri kwa miyezi ingapo mpaka zinenepe, BP ikwere, insulin asamveredwe. Anapeza kuti tinjira ta potassium timene timamasula minofu ya m'khoma la mtsempha timafooka, kuti nkhumbazo zikamathamangitsidwa magazi opita mumtima sachuluka molingana ndi ntchito, ndiponso kuti mafuta okuta mtsempha wa mtima weniweniwo amatulutsa zinthu zoufinyitsa. Nkhumba si munthu, koma mtima wake ndi mitsempha yake n'zofanana kwambiri ndi zathu, ndipo zopezeka mwa anthu zikugwirizana nazo. Kafukufuku wa WISE, amene anayamba ku America mu 1996, anaonetsa kuti amayi omva kupweteka m'chifuwa popanda mtsempha wotsekeka sali pabwino monga madokotala ankaganizira: ambiri timitsempha tawo sititambasuka, ndipo pakapita zaka amadwala mtima kuposa anzawo opanda vutoli. Mu 2018 kafukufuku wa CorMicA ku Glasgow anasonyeza kuti odwala oterewa akayezedwa mmene timitsempha tikugwirira ntchito n'kupatsidwa mankhwala olingana ndi zopezekazo, ululu umachepa.

Wina anganene kuti awa ndi matenda a kunja. Ayi. Kafukufuku wa MEIRU, bungwe lofufuza za matenda, ku Karonga ndi ku Lilongwe, wofalitsidwa mu 2018, anapeza kuti amayi 44 pa 100 aliwonse a m'tauni ndi 27 pa 100 aliwonse a kumudzi anali onenepa kupyola muyezo. Ndipo kuno munthu akanenepa timati zikumuyendera, akaonda timayamba kunong'onezana. Maganizo amenewa, amene anakula m'zaka zimene Edzi inkaondetsa abale athu, akuchititsa anthu kuopa kutsitsa thupi.

Zida zoyezera timitsemphati n'zodula, koma gwero la vutoli limapezeka ndi zinthu zotsika mtengo. Madokotala amalitcha metabolic syndrome, ndipo Gerald Reaven wa ku Stanford ndiye anasonkhanitsa zizindikiro zake mu 1988. Munthu ali nalo akakhala ndi zitatu mwa zisanu izi: mimba ya masentimita 94 kapena kuposa kwa abambo, 80 kwa amayi, BP ya 130/85 kapena kuposa, shuga wa 5.6 mmol/L kapena kuposa munthu atakhala maola 8 osadya, mafuta a m'magazi otchedwa triglyceride a 1.7 mmol/L kapena kuposa, ndi kolesterol wabwino wa HDL wosakwana 1.0 kwa abambo kapena 1.3 kwa amayi. Amene ali kale pamankhwala a BP kapena a shuga, chizindikiro chimenecho amawerengedwa kuti ali nacho.

Poyeza mimba m'pamene ambiri amalakwitsa. Tepi ya telala ndi yokwanira, koma siikidwa pamene pamakhala lamba kapena pomangira chitenje. Munthu aimirire, apeze nthiti yomaliza ndi nsonga ya fupa la m'chiuno, tepi idutse pakati pa ziwirizi, yosapendekeka, yokhudza khungu koma yosafinya, ndipo muwerenge atangotulutsa mpweya, osati atakoka mimba. Njira ina yosafuna kuloweza manambala: mimba isafike theka la msinkhu. Wa masentimita 160, mimba yake isafike 80. Pa BP, munthu akhale pansi mphindi 5, msana utatsamira, mkono uli pathebulo molingana ndi mtima. Lamba woyezera BP akakhala wamng'ono pamkono waukulu amakweza manambala, kotero munthu wonenepa angathe kuwonjezeredwa mankhwala amene sakuwafunika. Pa mafuta a m'magazi, anthu akuda nthawi zambiri triglyceride wawo amakhala wotsika ngakhale thupi litasiya kumvera insulin, ndiye akatuluka bwino musanene kuti zonse zili bwino.

Chabwino n'chakuti kakhungu ka m'mitsempha kamachira. Munthu akamayenda mwandawala, magazi othamanga amakhula khoma la mtsempha ndipo kakhunguko kamatulutsa nitric oxide wochuluka. Muyezo ndi mphindi 150 pasabata, monga 30 patsiku kwa masiku 5, liwiro loti mukhoza kulankhula koma osatha kuimba. Mu kafukufuku wa Diabetes Prevention Program, wofalitsidwa mu 2002, anthu amene anauzidwa kuchita zimenezi ndi kutsitsa thupi ndi magawo 7 pa 100 anachepetsa chiopsezo cha matenda a shuga ndi magawo 58 pa 100, pamene mankhwala a shuga a metformin anachepetsa ndi 31. Kwa munthu wa makilogalamu 90, apa tikunena makilogalamu 6 okha. Amene chifuwa chimamuthina kale aonane ndi dokotala asanayambe.

Pa zakudya, botolo la theka la lita la zakumwa zambiri zotsekemera limakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 50, amene ali malire a tsiku lonse. Mchere usapose magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, ndipo muwerengere wa m'makyubu, wa m'nsomba zouma zothira mchere ndi soda wa m'therere. Nsima ya mgaiwa iposa ya ufa woyera, koma mitanda ikachuluka phindu lake limatha. Fodya asiyidwe kotheratu, chifukwa ndudu imodzi yokha imafinya mitsempha ya mtima nthawi yomweyo.

Pa mankhwala tinene zochepa kwa anzathu olembera odwala mankhwala. Kafukufuku wa CREOLE wa 2019, wochitikira m'maiko 6 a mu Africa kuphatikizapo Mozambique, anapeza kuti mankhwala awiriawiri okhala ndi amlodipine amatsitsa BP kuposa perindopril wophatikiza ndi hydrochlorothiazide (HCT). HCT ndi atenolol angathe kukweza shuga, choncho wowamwa aziyezedwa shuga. Enalapril saperekedwa kwa mayi woyembekezera. Simvastatin, wotsitsa mafuta a m'magazi, asapose mamiligalamu 20 mwa amene akumwa amlodipine. Ma ARV okhala ndi dolutegravir amanenepetsa ena, makamaka amayi, monga kafukufuku wa ADVANCE ku Johannesburg anaonetsera mu 2019. Palibe amene asiye ma ARV pa chifukwa chimenechi, koma mimba, BP ndi shuga ziziyezedwa pokatenga mankhwalawo.

Ululu wa m'chifuwa wobwera munthu ali chikhalire, wopitirira mphindi 15, wofika kunsagwada kapena kumkono, ndi thukuta kapena mseru, usadikire kuti kuche. Munthu ameneyo muthamangire naye kuchipatala.

Tikupempha Unduna wa Zaumoyo kuti m'chipinda chilichonse choonera odwala, makamaka ku ART ndi ku kiliniki ya shuga ndi BP, mukhale tepi yoyezera mimba ndi lamba wa BP wa anthu a mikono ikuluikulu, ndipo muyezo wa mimba uzilembedwa m'buku la wodwala pambali pa makilogalamu ake.

Ife ogwira ntchito yosamalira odwala mtima ndi shuga,
Lilongwe